Nyali Zosintha Mitundu Patsinde pa Chambe

Inu anzathu a kunyanja nkhani ya nyali si yachilendo kwa inu. Mwezi ukakhala ku mdima mumaona nokha m'mene nyanja imasandukira mudzi, nyali za asodzi a usipa zitandandalika mpaka kumene maso athera. Mumadziwanso kuti siginala wosasamala nyali zake amagonetsa ndi njala gulu lonse la chilimira. Tsono pamene tikukusimbirani za nyali zathu kuno ku Chambe, m'boma la Mulanje, tikudziwa kuti tikulankhula ndi anthu amene amvetsa msanga kuti kuwala ndi chida, ndipo chida chirichonse chimatha kudyetsa banja kapena kupweteka munthu.

Ife ndife banja la anthu awiri achikulire. Bambo a m'nyumba muno anabadwira kwanuko ku Malindi, nabwera kuno pa chikamwini zaka zoposa 30 zapitazo. Mayi ndiwo eni nthaka. Tiri ndi kagolosale pafupi ndi msewu wochokera pa Chitakale kupita ku Phalombe, ndipo timalimanso chimanga, nandolo ndi nanazi. Kum'mawa kwa nyumba yathu kwaima thanthwe la Chambe, limene nsonga yake ndi yotalika mamita oposa 2,500, ndipo khoma lake loyang'ana kumadzulo ndi la mamita pafupifupi 1,700. Alendo amachokera maiko akutali kudzalikwera. Kwa ife oligonera patsinde, thanthweli limatanthauza kuti dzuwa limachedwa kutipeza m'mawa. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererakonso.

Mwana wathu wachisamba anakhala zaka zinai ku Johannesburg akugwira ntchito kwa munthu wina wokongoletsa maholo a maukwati. Anabwerako mu December 2023. Chaka chimenecho chinali chowawa kuno. Mu March namondwe wa Freddy anagumula nyumba ndi kukokolola minda, ndipo ife khitchini ndi mbali imodzi ya denga zinapita. Mu November ndalama ya kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, kotero kuti mtengo wa malata unatithawa tikuona. Tinkayembekeza kuti mnyamatayo abwera ndi ndalama ya malata, koma iye anatula katoni.

M'katonimo munali malamba anai opyapyala, okulungidwa pa timikombero ta pulasitiki, lirilonse lotalika mamita 5. Pa mita iriyonse panali timababu 30 tosaposa njere ya nandolo. Munalinso kabokosi koyera kofanana ndi bokosi la machesi, pamodzi ndi rimoti yopyapyala ya mabatani 24.

"Kodi achimwene, zingwe zimenezi ndiye tifolere nyumba?" anafunsa mayi ake.

"Amayi, mundipatse chaka chimodzi. Malata atuluka m'katoni momwemu," iye anayankha.

Maganizo ake anali akuti azibwereketsa nyalizo pa maukwati ndi pa zinkhoswe za m'midzi yozungulira, kumene anthu amavina mu mdima kapena pa kababu kamodzi kopachika pa mtengo wa mango. Vuto linali lakuti nyumba yathu iribe magetsi a ESCOM, monganso nyumba zambiri zimene ankafuna kukagwirako ntchito. Panafunika batire lalikulu, sola ndi kachipangizo koteteza batire, ndipo ndalama yake panalibe kwina koichotsa koma m'khola. Tinali ndi mbuzi zisanu, ndipo iye anapempha zitatu. Inu nonse mukudziwa kuti mbuzi ndiyo banki ya munthu wa kumudzi: matenda, maliro, fizi ndi feteleza, zonse zimayang'ana khola. Tinakangana sabata yathunthu, ife awiri pa tokha usiku, ana atagona. Pomaliza tinavomera, osati chifukwa tinakhulupirira nyalizo, koma chifukwa tinaona kuti tikakana mnyamatayo akwera basi kubwerera kumene anachokera, ndipo ife tinali titatopa ndi kugona khutu liri ku foni.

M'mene nyalizi zimagwirira ntchito

Nyali za mtundu umenewu amazitcha LED. Ziribe kawaya kotentha ngati mababu akale aja, ziribenso chingwe ndi parafini ngati koloboyi. Kuwala kumachokera m'kachidutswa kakang'ono kolimba magetsi akadutsamo, n'chifukwa chake sizidya magetsi ambiri. Yofiira inapangidwa ku America mu 1962 ndi Nick Holonyak. Yabuluu yowala bwino ndiyo inavuta kwa zaka pafupifupi 30, kufikira akatswiri atatu a ku Japan, Isamu Akasaki, Hiroshi Amano ndi Shuji Nakamura, anaikwanitsa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ndipo analandira mphotho ya Nobel mu 2014. Mababu oyera amene asodzi ambiri atengera m'malo mwa nyali za Tilley ndi zidzukulu za ntchito imeneyo, pakuti m'kati mwake muli nyali yabuluu yokutidwa ndi mankhwala achikasu.

Pa malamba athuwa kababu kalikonse kali ndi tinyali titatu m'kati: kofiira, kobiriwira ndi kabuluu. Mitundu ina yonse imachokera pa kusakaniza itatu imeneyi, chifukwa diso la munthu nalonso liri ndi tizigawo ta mitundu itatu tozindikirira mitundu ya zinthu. Kofiira ndi kobiriwira tikayaka pamodzi mumaona chikasu. Kofiira ndi kabuluu timapereka mtundu wonga duwa la mbatata. Tonse titatu timapereka kuyera. N'chifukwa chake lamba lirilonse liri ndi mawaya anai: mmodzi wobweretsa magetsi a mavoti 12, ndi atatu a mitundu itatuyo. Ntchito ya kabokosi koyera kaja ndi kuyatsa ndi kuzimitsa mtundu uliwonse kambirimbiri pa sekondi imodzi, mofulumira kotero kuti diso siliona. Mtundu umene ukukhala woyaka nthawi yaitali umaoneka wowala kwambiri, ndipo umene ukukhala wozima nthawi yaitali umaoneka wofooka. Rimoti imalankhula ndi kabokosiko ndi kuwala kumene maso athu saona, choncho iyenera kuloza kadiso kakuda kamene kali pa kabokosiko. Mukafuna kudziwa ngati rimoti iri moyo, iyang'aneni pa kamera ya foni mukudina batani. Mafoni ambiri amaonetsa kakuwala kakuphethira.

Zonsezi tikuzifotokoza lero ngati akatswiri, koma usiku woyamba sitinkadziwa n'chimodzi chomwe.

Usiku wa fungo la pulasitiki

Munali mu February 2024. Mnyamata uja analumikiza malamba onse anai, lina kumapeto kwa linzake, nawazunguliza kuchokera pa khonde mpaka pa mtengo wa mango. Atadina batani la kuyera, koyambirira kunayeradi, pakati panachita chikasu, ndipo kumapeto kunangofiira ngati khala lotsala pang'ono kuzima. Tikadali kudabwa ndi zimenezo tinamva fungo la pulasitiki wopsa. Kabokosi kaja kanali katasungunuka mbali imodzi. Apo m'pamene mwana wathu anaulula kuti ku Johannesburg ntchito yake inali yonyamula makwerero ndi kupachika nyali. Zolumikiza ankachita ndi abwana ake.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. M'mawa mwake tinamuperekeza kwa mkulu wina wokonza mawailesi ndi mafoni pa Chitakale. Mkuluyo anatenga paketi ya malamba aja, natenga pensulo, natiphunzitsa masamu amene tikufuna nanunso muwamve. Pa paketi panalembedwa kuti mita iriyonse imadya mawati 7.2 mitundu yonse itatu ikayaka. Mamita 20 ndiye kuti mawati 144. Mukagawa mawati 144 ndi mavoti 12 mupeza maampeya 12. Tsono pa msana pa kabokosi kopsa kaja panalembedwa kuti kamanyamula maampeya 6 okha, awiri pa mtundu uliwonse. "Mwasenzetsa mwana thumba la munthu wamkulu," anatero mkuluyo.

Za kufiira kwa kumapeto anatifotokozera motere. Tinjira ta kopa timene tiri m'lamba ndi topyapyala, ndipo magetsi akamayenda mtunda wautali m'njira yopapatiza amafika atafooka, monga madzi a m'ngalande yothirira amene amafika ochepa ku dimba lomaliza. Kanyali kofiira kamakhutira ndi mavoti pafupifupi 2, pamene kobiriwira ndi kabuluu timafuna pafupifupi 3. Magetsi akafooka, tiwiri tija timayamba kuzima ndipo kofiira kamatsala kokha.

Mankhwala ake anali awa. Lamba lirilonse tinalikokera mawaya akeake onenepa kuchokera pa bokosi, osadutsa m'lamba linzake. Tinaitanitsa ku Limbe kabokosi katsopano pamodzi ndi kena kotchedwa amplifier, kamene kamamvera zonena za koyamba koma magetsi kamatenga molunjika ku batire. Choncho kalikonse kananyamula mamita 10 basi. Pafupi penipeni ndi mutu wa batire tinaikapo fyuzi ya maampeya 15, chifukwa batire la galimoto kapena la sola, ngakhale silikugwedezani mukaligwira, lingathe kufiiritsa waya ndi kuyatsa denga la udzu mawaya awiri akakhudzana. Tinaphunziranso kuti lamba silidulidwa paliponse, koma pa kamzere kamene kali pa timababu titatu tiritonse, ndiponso kuti waya wa chizindikiro cha + ayenera kukumana ndi mnzake wa + nthawi zonse.

Ulimbo umene uli kumsana kwa malambawa sugwira pa khoma la zidina kapena pa mtengo. Nzeru ya nsungwi inachokera kwa mayi a m'nyumba muno. Tinang'amba nsungwi zouma pakati, n'kumatamo malamba, n'kumangirira ndi timphira ta chubu cha njinga. Tsopano nyali zimanyamulidwa ngati mizati, ndipo pofika pa malo a ukwati n'kungomanga pa chisakasa. Mvula ya ku Mulanje inu mumangoimva mbiri. Malambawo ndi okutidwa ndi mphira woonekera, koma polumikizira ndi pamene madzi amalowera, choncho ponsepo tinakulungapo tepi. Timabokosi tinatiika m'chigubu chodula, kukamwa kwake kutayang'ana pansi, kadiso ka rimoti kokha katasuzumira kunja.

Dzuwa, phiri ndi chiperoni

Batire lathu ndi la mavoti 12, lolembedwa 100Ah. Mukachulukitsa manambala awiriwa mupeza 1,200, kutanthauza kuti likadzaza lingayatse chinthu cha mawati 100 kwa maola 12. Koma batire la mtundu umenewu silikhalitsa mukamalikama mpaka kuuma. Anzeru amagwiritsa ntchito theka lokha. Theka limenelo ndi 600, ndipo mukagawa ndi mawati 144 mupeza maola anai okha, nyali zikayera ndi mphamvu zonse. Mukachepetsa kuwala ndi theka maola amakhala ngati asanu ndi atatu, ndipo mukayatsa mtundu umodzi wokha amafika 12. Tinalemba masamu amenewa pa katoni n'kukhoma m'golosale, kuti wobwereka aliyense adziwiretu kuti kuwala kwambiri ndiko kufupikitsa usiku.

Sola tinaliyang'anitsa kumpoto, litapendekeka pang'ono, chifukwa dziko lathu liri kumwera kwa mzere wogawa dziko lapansi pakati. Apa m'pamene phiri lija linatikumbutsa kuti liripo. Poyamba tinaika sola kum'mawa kwa nyumba, kumene mthunzi wa phiri ukangochoka mthunzi wa denga unali pafupi kufika. Tinalisamutsira kumadzulo, pa mtengo wake wake, kuti lizidya dzuwa la masana ndi la madzulo. Kenaka mu June ndi July kunabwera chiperoni, nkhungu ndi mvula yowaza ya m'nyengo yozizira, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique. Masiku atatu otsatana dzuwa osaoneka, batire silinadzaze, ndipo chinkhoswe china nyali zinazima anthu asanamalize perekaniperekani. Tinabweza theka la ndalama. Kuyambira pamenepo lamulo ndi lakuti sabata ya ntchito batire silitchajira foni ya munthu aliyense, ngakhale ya amfumu.

Tinaphunziranso kuti kuyera kochokera pa kusakaniza mitundu itatu si kuyera kwenikweni. Nyama yakupsa bwino imaoneka ngati yaiwisi, ndipo nkhope za anthu pa zithunzi zimatuwa. Choncho kumene amayi akuphika ndi kumene akwati akujambulidwa timapachikako babu loyera wamba. Pofika mu September ntchito inali itayamba kudziwika, ndipo banja lina la m'mudzi woyandikana nafe linapereka chikole kuti tikaunikire ukwati wa mwana wao wamkazi mu November. Unali ukwati waukulu kuposa ina yonse imene tinagwirapo.

Batani limodzi

Kutatsala masabata awiri tinapita kukayesa nyali pa bwalo la eni ukwatiwo. Ana a m'mudzi wonse anasonkhana. Pa rimoti ija pali mabatani anai a masewera, olembedwa FLASH, STROBE, FADE ndi SMOOTH. Ena amasintha mitundu pang'onopang'ono, koma ena amaphethiritsa nyali mwamsangamsanga. Pamene akuluakulu tinali kukambirana za malo oika mizati, mdzukulu wathu wa zaka 9 anatola rimoti pa mpando nadina limodzi la mabatani ophethiritsa. Bwalo lonse linayamba kung'anima, ana nakuwa ndi chimwemwe. Patsogolo penipeni panaima mng'ono wake wa mkwatibwi, mtsikana wa zaka 11, maso ali pa nyali. Mwadzidzidzi anauma thupi, nagwa pafupi ndi moto umene amayi ankawiritsira madzi, nayamba kuphupha.

Mayi a m'nyumba muno ndiwo anamukoka kumuchotsa pa moto. Mwana wathu anazula fyuzi. Bambo, amene anakula ndi mbale wao wodwala khunyu kwanuko, anagwira dzanja la munthu wina amene ankafuna kulowetsa supuni m'kamwa mwa mwanayo. Anapinda chitenje n'kuika pansi pa mutu wake, nauza anthu kuti asamupanikize, ndipo kuphuphako kutaleka anamugoneka cham'mbali kuti malovu atuluke. Zonsezi zinatenga mwina mphindi ziwiri, koma kwa ife zinali ngati usiku wonse.

Kutacha, nkhani inali itafika kale pa chigayo ndi pa mjigo. Ena ankati nyalizo ziri ndi mankhwala a kunja. Ena ankati mnyamata wathu anakhwimira bizinesi, ndipo mwanayo ndiye anali woyamba. M'golosale, m'mene m'mawa uliwonse mumakhala amayi ogula sopo ndi mchere, munangoti zii. Masana atsibweni ake a mkwatibwi anatumiza mau kuti tisabwerenso ndipo tibweze chikole. Chikolecho chinali chitalowa kale m'mawaya.

Tinalipira kabaza n'kuperekeza mwanayo ndi mayi ake ku chipatala. Kumeneko, atafunsidwa modekha, mayiwo anaulula kuti aka sikanali koyamba. Mwanayo anagwapo kawiri m'mbuyomo, koma banja linabisa poopa manyazi. Adokotala anatifotokozera kuti khunyu ndi matenda a mu ubongo, sapatsirana pokhudza wodwala kapena malovu ake, ndipo alipo mankhwala amene amathandiza odwala ambiri kukhala osagwa ngati akumwa mosadumphitsa. Anatinso mwa odwala khunyu alipo ochepa, makamaka ana ndi achinyamata, amene amagwa akaona kuwala kophethira mofulumira, ndipo zimene tinafotokozazo zikugwirizana ndi zimenezo. Anaonjezera kuti munthu akaphupha kupitirira mphindi 5, kapena akavulala, muthamange naye ku chipatala. Tinadzamva pambuyo pake kuti zoterezi zinachitikapo ku Japan pa 16 December 1997, pamene anthu 685, ambiri a iwo ana, anatengeredwa ku zipatala ataonera katuni ya Pokémon pa wailesi ya kanema, m'mene munali kuwala kofiira ndi kwabuluu kophethira mofulumira.

Pobwerera mwana wathu anali ndi mau ambiri. Ankafuna kuti mudzi wonse umve kuti mtsikanayo ankadwala kale ndipo eni ake anabisa. Zinali zoona, ndipo zikanatitsuka. Koma kutsuka dzina lathu mwa njira imeneyo kukanakhala kuvula banja lina pa bwalo, ndiponso kukanakhala kunama pang'ono, pakuti rimoti inasiyidwa pa mpando ndi ife, ndipo anaitola ndi mdzukulu wathu. Tinamuuza kuti, "Bambo, matenda ndi ao, anene okha akafuna. Lathu ndi batani."

Tinapempha amfumu kuti atiitanire eni ukwati ndi ankhoswe ao. Pa bwalo tinapepesa chifukwa cha kusasamala kwathu. Kenaka mwana wathu anatsegula rimoti pamaso pa onse, naonetsa kuti m'kati mulibe chithumwa koma kabatire ndi tinjira ta magetsi. Anatenga lumo napala pansi pa mabatani onse ophethiritsa, namatapo tepi, nabweza chivindikiro, napereka rimotiyo kwa atsibweni aja kuti adine okha. Anadina kangapo, nyali osaphethira. Anthu anakhala chete. Amene anaswa chete ameneyo anali mayi a mtsikana uja. Anaimirira, nanena ndi pakamwa pao zimene ananena ku chipatala, kuti mwana wao ankadwala kale, kuti tsopano wayamba kumwa mankhwala, ndiponso kuti pamene ena ankathawa malovu ake, amene anamuchotsa pa moto ndi anthu omwe akunenedwawa. "Abwere adzayatse," anatero. "Mwana wanga akuti akufuna zobiriwira."

Tsiku la ukwati

Mvula yoyamba inagwa kutatsala masiku awiri. Pa tsiku la ukwati kunacha bwino, ndipo tinamanga mizati inai ya nsungwi pa chisakasa dzuwa likadalipo. Tisananyamuke pakhomo tinayatsa nyali kawiri kuti tione mtundu umene ziyambire, chifukwa timabokosi tina timakumbukira zimene munasiya ndipo tina timayamba ndi masewera. Kutada, tinayatsa zobiriwira monga tinalonjezera, kenaka tinazisiya kuti zizisintha pang'onopang'ono, monga m'mene thanthwe la Chambe limasinthira maonekedwe dzuwa likamalowa.

Chimene sitinachiganizire ndi ngumbi. Nyali zitafika pa kuyera ndi pa buluu, ngumbi ndi tizirombo tina touluka tinabwera ngati utsi, n'kumagwera m'mbale za mpunga. Amayi operekera chakudya anayamba kudandaula. Apa nzeru inachokera kwanuko. Bambo anakumbukira ntchito ya siginala, amene amaitana usipa ndi nyali n'kupita nawo kumene kuli khoka. Anatenga babu loyera lija nakalipachika pa mtengo wa patali, mapazi ngati 30 kuchokera pa chisakasa, ndipo mnyamata anazimitsa buluu yense n'kusiya kofiira ndi kobiriwira pang'ono, mtundu wonga moto wa nkhuni. Tizirombo tambiri touluka usiku timakopeka kwambiri ndi kuwala koyera ndi kwabuluu kusiyana ndi kofiira kapena kwachikasu. Posakhalitsa gulu lalikulu linasamukira ku mtengo kuja, anthu nadya mpunga wao mu mtendere. Chifukwa buluu anali wozima ndipo kuwala tinachepetsa, batire linafika pakati pa usiku likadali ndi mphamvu. Mtsikana uja anakhala pambali pa mkulu wake mpaka mapeto.

Sitikunena kuti talemera. Mbali ya denga imene Freddy anasasula tinaifolera, ndipo m'khola mwabwerera mbuzi ziwiri mwa zitatu zija. Khitchini ikadali ya udzu. Mwana wathu sanakwerenso basi, ndipo tsopano akuphunzitsa mphwake masamu a mawati ndi maampeya. Alipo ena m'mudzi amene mpaka lero sagula m'golosale mwathu. Amenewo tawasiya ndi maganizo ao.

Tamva kuti nyali zoterezi zafikanso m'misika ya kwanuko, ndipo achinyamata akuzipachika m'mashopu, m'malo ometera ndi pa maukwati. Ngati mwana wanu abwera ndi katoni yotere, musamuseke, koma musangomusiyanso. Werengani naye zolembedwa pa paketi ndi pa kabokosi musanalumikize kanthu. Musayatse popanda fyuzi. Kabatire ka m'rimoti, kaja konga ndalama yachitsulo, musakasiye pamene pali ana aang'ono, chifukwa mwana akakameza kamawotcha kum'mero ndipo ndi nkhani yothamangira ku chipatala nthawi yomweyo. Pa gulu la anthu musaphethiritse nyali, pakuti simudziwa amene waima patsogolo, ndipo mabanja ambiri sanena za khunyu. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli mwana amene amagwa, musamubise. Pitani naye ku chipatala.

Kwathu kuno rimoti simugonanso pa mpando. Pa ntchito iriyonse imakhala yomangidwa pa nsonga ya chitenje cha mayi, pamodzi ndi makiyi a golosale, ndipo wofuna kusintha mtundu amayamba wapempha.